Rambo anabwerera yekha kapena anachita kumubweza?

Funso la ulendo uno lachokera kwa aphunzitsi ena a ku Bembeke. Akuti anatsutsana ndi anzawo pa nkhani ya mafilimu, iwo amati ma pati thu ambiri amamuononga munthu amene tinamukonda mu filimu yoyamba, zonse zimene anaphunzira amazifufuta n'cholinga choti ife oonera tisangalale ndi zakale zija, pomwe anzawowo amati aaa bola ekita wabweranso basi. Ndiye pofuna kulemba maganizo awo m'Chichewa mawu anawathawa. Akufunsa ngati "pati thu" ndi Chichewa chabwino kapena azilemba kuti gawo lachiwiri, akufunsanso ngati n'koyenera kunena kuti ekita "anakula" pamene wasintha khalidwe, komanso kuti chimene azungu amachitcha nostalgia kwathu kuno timati chiyani.

Aphunzitsi, mwakanda poyabwa, chifukwa nkhani ya mawu akuti gawo imandivutitsa kalekale. Gawo likuchokera ku kugawa, ndipo umagawa chinthu chimene chilipo kale chathunthu. Mafilimu a ku Nigeria aja tinkaonera pa ma disiki, nkhani imodzi yomweyo ankaidula pakati, mayi wangotsegula chitseko kuti aone amene ali m'chipinda basi filimu yathera pomwepo, kagule inayo. Amenewo ndiye magawo enieni, gawo loyamba gawo lachiwiri, palibe chotsutsa. Koma filimu imene inatha bwinobwino, anthu n'kumwazikana, kenako patapita zaka eni ake aona kuti inabweretsa ndalama ndiye apanga ina, pamenepo chagawidwa n'chiyani? Palibe. Imeneyo ine ndimati filimu yotsatira, ndipo ikakhala kuti yatengadi nkhani pamene inalekera ndimati yopitiriza. Pati thu sindimuletsa ayi, analowa kale m'kamwa mwa anthu, kuyambira pa Lizulu mpaka pa Kampepuza palibe mwana amene samudziwa, ndipo mukamacheza pa WhatsApp lembani momwemo. Chimene ndimadandaula nacho ndi olemba kuti "pati tu" osaika h. Chichewa chimasiyanitsa t ndi th, kutenga ndi thenga si zimodzi, ndiye "tu" wopanda mpweyayo ndi uja wotsindika wa mu "bweratu", "inetu". Ikani h. Koma pa bolodi pamaso pa ana lembani kuti filimu yotsatira.

Ekita nayenso ndi mlendo amene anakhazikika, kungoti atafika kuno anasintha ntchito. Kwathu ekita si aliyense wosewera mu filimu, ndi uja mmodzi samafa uja. M'kalasi mumaphunzitsa kuti mwininkhani, ena onsewo ndi ampangankhani, ndipo mawu amenewa ndi abwino chifukwa amatithandiza kusiyanitsa Sylvester Stallone amene amalandira malipiro ndi Rambo amene tikumudandaulayu.

Tsono pa kukula mpamene ndikufuna tikhalitsepo. Musalembe kuti "anakula". Kukula m'Chichewa ndi msinkhu ndi zaka, ndipo mukanena za mtsikana kuti wakula, amayi aliwonse a ku Dedza kuno amva zina zimene inu simunatanthauze, mukudziwa kale. Achinyamata ambiri masiku ano akumalemba kuti "ndakula kwambiri chaka chino" pofuna kunena kuti aphunzira zambiri pa moyo, chimenecho ndi Chingerezi chovala mawu athu, ine chimandiwawa m'makutu. Mawu athu ndi kukhwima. Koma nakonso kukhwima kuli ndi msampha wake, mukangoti "Rambo anakhwima" n'kusiyira pomwepo ndiye kuti mwanena kuti anapita kwa sing'anga, ndipo ndikukumbuka bwino m'nyumba za vidiyo pa Ntcheu boma anyamata akukuwa kuti ameneyu ngokhwima zipolopolo sizimulowa. Ndiye muzimalizitsa, anakhwima maganizo, anakhwima nzeru.

Pali chinthu china chimene ndimachikonda m'chiyankhulo chathu. Tili ndi njira yosinthira mneni kuti anene zobweza ntchito imene inachitika, kutseka kutsekula, kuyala kuyalula, kumata kumatula, kuvundikira kuvundukula. Koma yesani pa kukhwima muone. Kukhwimula kulibe, sindinamvepo agogo aliwonse akunena mawu amenewo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndimakhulupirira kuti makolo sanawapange chifukwa ankadziwa kuti chinthucho sichichitika, chimanga chikakhwima sichibwereranso kukhala dowe olo mutachithirira madzi bwanji. Munthu wokhwima maganizo atha kugwa, atha kufooka, atha kulakwitsa zinthu zazikulu, koma amagwa ngati munthu amene akudziwa, sagwa ngati mwana amene sanaonepo kanthu. Ndiye mawu amene mumafuna aja ofotokoza zimene ma pati thu amachita simuwapeza pa kukhwima, muwapeza pa kubwera. Pali kubwerera ndi kubweza. Wobwerera amayenda yekha ndipo ali ndi chifukwa chake chimene ife tikuchiona. Wobwezedwa pali dzanja la wina limene lamukankha.

Tengani Rambo yemweyo. Filimu yoyamba, First Blood ya 1982, ambiri kuno sanaionere mpaka kumapeto. Ndi nkhani ya msilikali amene wabwera ku nkhondo ya ku Vietnam mutu wosokonezeka, wapita kukafuna mnzake n'kupeza kuti anamwalira ndi khansa, apolisi a m'katauni kena akumuthamangitsa ngati wamisala, ndiye akuthawira m'phiri. Mu filimu yonseyo munthu amene tikumuona akufa ndi mmodzi, wapolisi amene anagwa mu helikopita. Kumapeto kwake bambo uja akukhala pansi n'kulira ngati mwana pamaso pa Trautman, mkulu wa asilikali amene ankamulamulira ku nkhondo, akufotokoza za anzake amene anafa, kenako akudzipereka. Kulira kumeneko ndiye kukhwima kwake, munthu watula mfuti ndipo kwa nthawi yoyamba wanena chimene chikumudya mumtima. Ikubwera ya 1985, tikumupeza ali kundende akuphwanya miyala, Trautman yemweyo akubwera kudzamutenga kuti apitenso ku Vietnam kukafufuza asilikali a ku America amene anatsala m'manja mwa adani, ndipo kuyambira pamenepo ndi uta, mivi yophulika, mitembo yosawerengeka. Mu 1988 ali ku Afghanistan. Mu 2008 ali ku Burma, ndipo imeneyo ikutha iye akuyenda wapansi kulowera kwawo ku Arizona, unkati apa ndiye mkuluyu wapuma. Ayi ndithu, 2019 akumutulutsanso, ulendo uno nkhondo ndi ya zigawenga za ku Mexico. Apa aphunzitsi lembani mosaopa kuti anamubweza. Nthawi zonse akati afike poti mtima wakhala pansi, pamabwera wina kudzamudzutsa, chifukwa Rambo wamtendere sagulitsa matikiti.

Han Solo wa mu Star Wars nkhani yake ndi yovutirapo. Mu 1977 ndi wozembetsa katundu, wangongole, wongofuna ndalama basi, koma pomaliza akutembenuka kukathandiza anzake pa nkhondo. Pofika 1983 ndi mkulu wa asilikali, munthu wodalirika. Kenako mu 2015 tikumupeza nkhalamba, wabwerera kozembetsa katundu, ngongole zili mbwee ngati kale, ndipo wasiyana ndi mkazi wake Leia. Filimuyo ikupereka chifukwa, mwana wawo analowa mbali ya adani ndiye banja linagwedezeka, aliyense anathawira ku ntchito imene ankaidziwa. Chifukwa chimenecho n'chomveka, tawaonapo abambo amene mwana atawasokonekera anayambiranso mowa umene anausiya kalekale, ndiye pamenepo mutha kulemba kuti anabwerera. Koma ine mtima wanga sukhutira, chifukwa kugwa konseko sitinakuone, tangouzidwa ndi mawu ochepa, pomwe nthawi yochuluka yapita potionetsa chombo chake chakale chija ndi nthabwala zake zakale kuti tiombe m'manja. Ndiye ndinganene kuti anamubweza kenako n'kumupezera chifukwa pambuyo.

Anzanu aja musawagonjetse ndi bodza loti zotsatira zonse ndi zoipa, si zoona. Sarah Connor mu Terminator ya 1984 ndi mtsikana woperekera zakudya mu lesitilanti, wamantha, wothamangitsidwa. Mu ya 1991 ndi mayi wouma mtima amene wadzikonzekeretsa nkhondo, mpaka kuuma kwakeko kwafika pomutalikitsa ndi mwana wake yemwe, ndipo filimuyo ikumuphunzitsa chinthu chatsopano osati chakale chija. Stallone yemweyo mu Creed ya 2015 anamulola Rocky, katswiri wa nkhonya uja, kukalamba, mkazi wake anamwalira, iye akudwala khansa, sakumenyanso nkhonya koma akuphunzitsa mwana wa Apollo, mnzake amene ankamenyana naye kale. Zimenezo ndiye zopitiriza zenizeni, munthu akunyamula zonse zimene anadutsamo, osazisiya pakhomo.

Mawu omaliza aja akuti nostalgia musavutike kuwalemba m'Chichewa chokakamiza, tili nawo athu, kupukwa. Mwana amapukwa amake, wophunzira wa kusukulu yogonera komweko amapukwa kwawo, azibambo a kuno amene ankapita ku migodi ku Joni ankapukwa, agogo anga ankafotokoza kuti munthu amatha kukhala chete tsiku lonse nsima osaikhudza, anzake n'kumati musiyeni wapukwa. Taonani mathero ake a mawuwa, -wa, ngati kukondwa, kudabwa, kukhumudwa, onsewa ndi zinthu zimene zimakugwera osati zimene umachita dala, ndipo ine sindikayika kuti kupukwa kuli m'banja lomwelo. "Kukumbukira zakale" n'kopepuka, ungathe kukumbukira zakale uku ukuseka. "Kulakalaka zakale" kukuyandikira koma kulibe ululu. Kupukwa kuli ndi ululu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza, chifukwa opanga mafilimu amadziwa kuti amene anaonera Rambo ali mnyamata, atakhala pa benchi m'kanyumba kamdima jenereta ikulira kuseri, lero ndi bambo wa ana ndipo sakupukwa Rambo kwenikweni, akupukwa unyamata wake ndi anzake amene ankakhala nawo pa benchipo, ena mwa iwo anatisiya. Ndiye amamugulitsa Rambo wakale yemweyo osasintha kanthu. Ifenso tili ndi mbali yathu pamenepa, m'nyumba za vidiyo zija ikafika poti Rambo akulira anthu ankayamba kutuluka ena kukuwa kuti ikani ya uta, ndiye tinapatsidwa chimene tinkapempha.

Samalani kalembedwe kake, timati "ndapukwa kwathu", "wapukwa amake", osati "ndapukwa ndi kwathu" monga ndimaonera ena akulemba, mawu akuti "ndi" alibe ntchito pamenepo. Chiganizo chanu chija mutha kuchiika chonchi: mafilimu otsatira ambiri amamubweza mwininkhani pamene anayambira, ngakhale anali atakhwima kale maganizo, pofuna kudyerera kupukwa kwa oonera. Mnzanu uja akatsutsa, mufunseni akuuzeni chimene Rambo wa 2019 akudziwa chimene wa 1982 sankachidziwa.