Msuweni, za mfuti yosaopa mvula ija

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, ndamva. Pepa dzulo sindinayankhe, ndinali ku Kapata, foni inathera moto m'thumba. Akuluakulu amene muli pa gulu pano mundikhululukire, ndilankhula motalikirapo, otanganidwa mudzamvera madzulo.

Ndiye wati bwanji... dikira ndiwerengenso. Wati mfuti yabwino yosaopa mvula ndi iti, ukufuna ya stainless, ya .375, chifukwa ya thabwa imawonongeka. Iwe! .375? Iwe yemwe unathamangitsidwa ndi tambala wa agogo mpaka kugwera m'dzala? Hehe. Ayi usakwiye, ndikuyankha, ndiwe msuweni wanga, ndikapanda kukuseka ine akuseka ndani.

Za stainless sunalakwe. Chitsulo chimenecho chimachedwa kuchita dzimbiri. Kuchedwa ndati, osati sichichita ayi. Ndipo mkati muli tizitsulo tina ting'onoting'ono, masipuling'i ndi tizomangira, tomwe nthawi zambiri si ta stainless, timadyeka mwakachetechete iwe ukuona kunja kukuwala. Za thabwa nazonso n'zoona. Thabwa likamwa chinyezi limafufuma, limakankha mpope, ndiye iwe ukuloza apa chipolopolo chikupita apo. La pulasitiki silitero. Koma .375 ija, ya kampani ya Holland & Holland, anaipanga ku London mu 1912, ndi mfuti ya njati imeneyo. Chipolopolo chake cholemera ndi cha 300 grain, umenewo ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo, pamene mfuti yocheperapo ya .30-06 anthu ambiri amaika cha 180, ndipo imakankha phewa pafupifupi kawiri kuposa .30-06. Munthu wosazolowera amayamba kutsinzina asanaombe. Mtengo wa zipolopolo zakenso, eeh, ungagule mbuzi.

Koma dikira. Wandikumbutsa amalume ako, ine atate aang'ono. Mulungu awasunge. Uja .303 wawo ukumukumbukira? Lee-Enfield, wa thabwa mpaka kukamwa, wa nthawi ya nkhondo. Mfuti imene ija inakhala ku chigwa cha Luangwa zaka zingati, mvula ya ku Mambwe yonse ija, kutentha kwa mu Okutobala koti ngakhale nkhuku zimayasama, koma ukasuzumira mumpope mumawala ngati mbale yatsopano. Stainless anaidziwa iwo? Ayi.

Akabwera ku uzimba, nyama sanali kuyamba aiona. Amati, "Ikani ketulo pa moto." Ife ana tinkati mfuti ikumwa tiyi. Amachotsa bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo chija, n'kutenga kafanulo kamene anapinda okha ndi chitini, n'kumathira madzi owira kuchokera kumbuyo, akutulukira kukamwa, akuda bii. Kenaka ena, mpaka atuluke oyera. Chitsulo chimatentha moti chimauma chokha. Ndinadzamvetsa nditakula kuti zipolopolo zakale za asilikali zija zimasiya mchere mumpope, ndipo mchere mafuta sauchotsa, umafuna madzi. Ukangopaka mafuta pamwamba, dzimbiri limadya kunsi kwa mafutawo. Ndiye akatha apo amatenga chingwe, kumapeto kuli kamtovu, n'kukoka kansalu, kawiri, katatu. Mafuta ake... hehe, akuluakulu mukudziwa, a makina osokera a amayi aang'ono.

Ndipo sanali kuiika m'chikwama. Anthu amaganiza kuti kukulunga mfuti m'bulangeti n'kuisamala. Iwo amakana, amati bulangeti limayamwa chinyezi cha dzinja n'kumachigoneka pa chitsulo miyezi isanu. Mfuti zambiri zimafera m'nyumba, kunsi kwa bedi, osati kuthengo.

Chala chako ukuchikumbukira? Ayi, usakane, pa gulu pano alipo amene anaona. Unali kudya nsawawa zamchere, thukuta lili chuchuchu, n'kukaigwira mobisa iwo ali kudimba. Kutacha anatiitana tonse, anatiimika pakhonde, n'kutionetsa. Chidindo cha chala chachikulu, chofiira, mizere yonse ikuoneka pa chitsulo ngati pa registration. Usiku umodzi wokha! Sanamenye munthu. Anangoti tiike zala zathu pafupi, mmodzimmodzi. Iwe unayamba kulira mzere usanakufike.

Eeh... ndimafuna kunena chiyani. Eya. Chaka chija, cha maliro awiri... iyayi, ndanama, chinali chaka chotsatira, chifukwa denga la malata linali litakhomedwa kale. Amalume ako akadali ku ugemu, pa ntchito ya boma yolondera nyama zakuthengo. Mwezi ngati uno, chimanga chili ndi ndevu. Bambo wina wa mudzi wa kutsidya, dzina ndisiya, ana ake alipo, njovu zinamulowera kumunda masiku atatu otsatizana. Munthu anatopa. Ndipo ndani angamunene? Walima ndi khasu, feteleza wa ngongole, usiku umodzi zonse pansi. Anatenga gogodela, anathira wonga, anaikamo zidutswa za chitsulo, n'kukabisala pa chulu. Anaomba mumdima. Anailasa pa mwendo wakutsogolo.

Njovu sinagwe. Inapita. M'mawa mwake inakumana ndi amayi akupita kukatunga madzi, amayi oti za munda uja sakuzidziwa n'komwe. Anapulumuka, koma mpaka imfa yawo anayenda chotsimphina, ena mukuwakumbuka.

Ndiye anaitanidwa amalume ako, ndi anzawo awiri. Sanatenge .303 wawo ayi, anatenga yaboma, yaikulu ija, .458. Masiku atatu akuilondola. Ku chigwa nthawi ya mvula ukudziwa mmene kumakhalira, makande aja ukaponda nsapato imatsala, udzu wopitirira mutu, suona ngakhale pomwe pali mnzako. Ndipo chinthu chimene ukuchilondolacho chikumva ululu, chikukumva fungo iwe usanachione. Anatiuza pambuyo pake kuti tsiku lachitatu anamva m'mimba mwake mukulira, pafupi ngati apa ndi pa chitseko, koma osaiona. Anaima osapuma mpaka udzu unagwedezeka.

Anaipha, inde. Koma mmene anabwerera, ine ndinalipo. Mapazi atatupa, oyera ngati chinangwa choviika. Amayi aang'ono anaika nsima, sanaikhudze. Ketulo anaitanitsa, imeneyo sanaiwale, anatsuka mfuti ya boma ngati yawo, ali chete. Atatha anangoti, "Njovu yolasidwa sifunsa kuti wandilasa ndani." Basi, n'kukagona. Bambo wa gogodela uja anapita kundende. Munda wake njovu zina zinadzamaliza, mkazi wake ali yekha ndi ana.

Tsopano msuweni, tiye tilankhulane bwinobwino. Ndani amasaka nyama pa mvula? Ndiuze. Alenje onse, a laisensi, azungu a safari ku Lupande, onse amalowa kuthengo kukauma, udzu utagwa, misewu ikupitika. Mvula ikagwa misasa yambiri amatseka. Ndiye munthu akandifunsa mu Febuluwale kuti ndikufuna mfuti yosaopa mvula, ndiponso ikhale yaikulu yogwetsa njati, ine ndimadzifunsa kuti chimayenda pa mvula usiku n'chiyani kwathu kuja. Azakhali, amayi ako, anaimbira amayi anga Lachiwiri. Ndikudziwa kuti njovu zalowa kawiri kumunda kwawo, ndikudziwa kuti mbali ya kumtsinje yatha yonse, ndikudziwanso kuti akugona kuchilindo ndi chitini ndi tochi, pa msinkhu wawo uja. Iwe uli ku Lusaka, ukumva zimenezi pa foni, mtima ukuwawa. Wati ndigule mfuti ndipite. Ndanama?

Usagule mfuti chifukwa cha njovu za kumunda kwa azakhali. Ndi zimenezo ndimafuna kukuuza kuyambira poyamba paja.

Sindikukunyoza ayi. Ine ndemwe nditamva sindinagone. Koma taona. Laisensi ya kupolisi ndi yokhala ndi mfuti chabe. Kuti uphe nyama pamafunika ina ya a National Parks, a DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo, amene analowa m'malo mwa ZAWA ndi lamulo la 2015 lija, ndipo papepalapo amalemba nyama yake, malo ake, nthawi yake. Njovu ya m'munda mwa amayi ako siikhalapo pamenepo. Ukaipha wekha, ndende yake imayambira zaka 5, si za faindi. Ndipo zimenezo ndi pamene waipha. Nanga ukailasa chabe, mumdima, mvula ili m'maso, manja akunjenjemera, mfuti yoti waomba nayo kawiri kokha pa chitini? Amene adzakumane nayo m'mawa ndi azakhali omwewo, kapena ana akupita ku sukulu.

Chochita chilipo, si kuti tingopinda manja. Choyamba lipoti, kwa ma scout a CRB, komiti ya m'dera yoyang'anira zachilengedwe ija, ndi ku ofesi ya a National Parks ku Chinzombo. Osati kamodzi, nthawi iliyonse zikalowa, alembe, chifukwa ndi iwo ali ndi mphamvu yobwera kudzazithamangitsa, ndipo ikavuta kwambiri ndi iwo amaganiza zoipha. Ku Mfuwe kulinso a Conservation South Luangwa, amathandiza alimi ndi za tsabola. Tsabola usamuderere, chitamba chija chimamva fungo kuposa galu. Umasinja wouma, wowawa uja, kusakaniza ndi oilo wakuda wotsala ku galimoto, kuviika nsanza ndi zingwe, kumangirira kuzungulira munda. Wina umaumba ndi ndowe ngati njerwa, kuumitsa, n'kumafukiza usiku kumbali kumene kukuchokera mphepo. Vuto lake mvula imatsuka, umafunika kupakanso pafupipafupi, ndiye ntchito ya anyamata imeneyo, osati ya mayi wokalamba. Ndalama ya mfuti imodzi ija ingalipire anyamata olonda mpaka kukolola, n'kutsalanso ya matumba a chimanga obwezera zimene zadyedwa. Ndipo chaka chamawa mbali ya kumtsinje ija tidzalepo tsabola yemweyo, njovu sizimudya, ndipo amagulika.

Ukafuna mfuti ya ndiwo, ya nyengo yake, ya njiri ndi nswala, imeneyo ndi nkhani ina, ndidzakuperekeza ndekha. Tenga .30-06, kapena .308, ya stainless ndi pulasitiki monga wanenera, zipolopolo zake sizivuta kupeza ndipo phewa lako lidzakuthokoza. Ugule ndi bokosi lachitsulo lokhoma, ana ako aja ndi akhalidwe lako, adzasiya zala pa chitsulo. Koma ya njovu ayi, msuweni. Ya kumunda kwa azakhali ayi. Amalume ako akanakhalapo akanakulanda pakhomo pomwe, ngakhale uli mphwawo wokondedwa.

Eeh, yatalika, foni yayamba kutentha. Ine Loweruka ndikwera ya m'mawa ya ku Mfuwe. Oilo wakuda ndapeza kale zigubu ziwiri kwa mnzanga wa galaja, tsabola ndikagula mawa ku msika. Iwe tumiza ya anyamata awiri olonda, utumize kwa ine, ukatumiza kwa azakhali akagulira adzukulu mayunifomu. Ndipo uwaimbire lero, uwauze asakagonenso kuchilindo okha. Ine akandikana, koma iwe amakumvera.