Mayi, musafulumire kufufuta WhatsApp

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wabwera kuchokera kusukulu akunena kuti intaneti ikusokoneza nyengo, ndiye mukufunsa ngati nzoona komanso ngati kuli bwino mungosiya WhatsApp. Mwanayo sananame ayi. Koma pamene pagona vuto si pa mauthenga anu a "mwadzuka bwanji" aja. Ine ndimakonza mafoni kumsika, tsiku lonse manja anga amakhala m'mimba mwa tizipangizo timeneti, choncho nkhaniyi imandikhudza.

Mukatumiza chithunzi, sichiuluka chokha mumlengalenga. Chimadutsa pa nsanja ya netiweki, n'kulowa m'mawaya oyenda pansi pa nthaka ndi pansi pa nyanja, n'kukafika m'zinyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta zomwe amazitcha ma data centre. Makompyuta amenewo sazima usana ndi usiku, ndipo amatentha kwambiri moti pamafunikanso magetsi ena ndi madzi oti aziwaziziritsa. Bungwe loona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta pa dziko lonse la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 zinyumbazi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi, ndipo likuyembekezera kuti pofika 2030 zizidzadya mowirikiza kawiri, makamaka chifukwa cha AI yomwe yatchukayi, luso lopangitsa makompyuta kuyankha ndi kugwira ntchito ngati akuganiza. Ku Ireland kokha, mu 2023 zinatenga 21 peresenti ya magetsi a dzikolo. Tsono m'maiko ambiri magetsi amawapanga potentha malasha ndi gasi, ndipo utsi wake ndi womwe ukutenthetsa dziko. Ngakhale a Google anavomera okha kuti mpweya woipa wochokera ku ntchito zawo unakwera ndi 48 peresenti kuchokera 2019 kufika 2023.

Kwathu kuno magetsi ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye kutchaja foni pakhomo panu sikutulutsa utsi wodetsa nkhawa. Koma amene mumakhala pafupi ndi nsanja ya netiweki mukudziwa zomwe zimachitika magetsi akangothima: jenereta imayamba kulira, nthawi zina mpaka kucha, ikumwa dizilo kuti inu ndi ine tisasowe netiweki. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati a magetsi pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi anayamba kuthimathima, majenereta n'kumalira paliponse. Nyengo inawononga magetsi athu aukhondo, ife n'kuthawira ku dizilo yemwe akuwonjezeranso vuto lomwelo. Nsanja zina pano aziika pa sola, ndipo ndikulakalaka zonse zitatero.

Tsopano ndifike pa ntchito yanga. Utsi wambiri wa foni umakhala utatuluka kale foniyo isanafike m'manja mwanu. A Apple amanena okha kuti pa mpweya woipa wonse umene iPhone imabweretsa m'moyo wake, pafupifupi 80 peresenti umatuluka poipanga. Ganizirani kukumba miyala, kuisungunula, mafakitale a ku China, kenako ndege ndi sitima zodzatula katunduyo kuno. Cobalt, chitsulo chopezeka m'mabatire ambiri, amakumbidwa ku Congo, m'madera ngati Kolwezi, ndipo dziko limeneli limapereka pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa dziko lonse lapansi. Ndiye munthu amene amasintha foni chaka ndi chaka pofuna kuoneka bwino pagulu akuwononga kwambiri kuposa inu amene mwakhala ndi imodzimodzi zaka zisanu n'kumaitchaja tsiku lililonse.

Sabata yathayi kunabwera mnyamata wina pabenchi panga, akuti foni yafa, sikulowa moto, ndimugule ngati sipeya akagule ina. Nditaunika polowetsera chaja ndinapeza mwadzaza fumbi ndi tiulusi ta m'thumba la buluku, zitagwirana ngati dothi. Ndinatokosa ndi kasingano, n'kupukuta ndi mswachi wakale, foni n'kuyamba kutchaja pompo. Mphindi zisanu sizinakwane. Zoterezi ndimaziona pafupipafupi: sikirini yosweka, batire lotupa, kabatani kofooka, munthu n'kuweruza kuti foni yonse yatha ntchito.

Ndipo zikatayidwa zimapita kuti? Lipoti la United Nations linati mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zomwe zinatoleredwa n'kukonzedwanso mwadongosolo sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuseri kwa msika wathu anyamata amaunjika mawaya n'kuwayatsa kuti apeze kopa wokagulitsa. Utsi wake ndi wakuda bii, umakanda pakhosi, ndipo iwo amaima pomwepo osaphimba ngakhale mphuno. Ndikawaona mtima umandipweteka, chifukwa ena mwa iwo ndi amsinkhu wa mwana wanuyo.

Komabe sindingakuuzeni kuti mutaye foni. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope a m'phiri la Soche pa Chilobwe n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi Phalombe, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Masiku amenewo foni ndiyo inkatiuza amene ali moyo, mlatho umene waduka ndi kumene kukufunika ufa ndi zofunda. Machenjezo a nthambi yoona za nyengo ambirife timawalandira pafoni pomwepa. Mukatumizanso ndalama kumudzi pa Airtel Money kapena Mpamba, mwapulumutsa ulendo wonse wa minibasi ndi mafuta ake.

Ndiye WhatsApp yanu isiyeni ili pompo. Ngati mukufuna kuchitapo kanthu, igulireni foniyo kava ndi galasi loteteza sikirini, ikavuta muyambe mwaionetsa kwa okonza musanaganize zogula ina. Batire likatupa musaliponye kudzala komwe mumatentha zinyalala, limaphulika. Likulungeni m'pepala, mubwere nalo kwa ife okonza mafoni. Mwanayo mumuuze kuti foni yakale imene ili m'dirowa yanu aibweretse tiione, mwina ingofunika batire latsopano kuti aziwerengera za kusukulu.