Mahedifoni akulira koma masipika ali zii pa Ubuntu

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anaika Ubuntu 24.04 pa laputopu yogula kwa munthu, zonse zikuyenda bwino, koma mawu akumveka pokhapokha akalowetsa mahedifoni. Akufunsa kuti: "Kodi sound card yafa? Ndibwerere ku Windows?"

Achimwene, musafufute kanthu. Ngati m'mahedifoni mukumveka mawu, ndiye kuti card (chipangizo chotulutsa mawu mu kompyuta) ili moyo ndipo driver yake (pulogalamu yoiyendetsa) ikugwira ntchito. Kawirikawiri pamakhala pamene pangotsekedwa.

Pa Linux, kuphatikizapo Ubuntu, mawu amadutsa magawo awiri. Pansi pali ALSA, ya mu kernel (mtima wa Linux), imene imalamulira chipangizocho. Pamwamba pali PipeWire, yomwe Ubuntu inaika m'malo mwa PulseAudio kuyambira pa 22.10. Voliyumu mukuiona pakona ya sikirini ija ndi ya pamwamba. Ngakhale muikweze mpaka 100, pansi pakakhala potseka simumva kanthu.

Tsegulani terminal (pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta), mulembe alsamixer. Dinani F6 musankhe card yeniyeni, nthawi zambiri dzina lake ndi HDA Intel PCH, osati ya HDMI. Patuluka mizati yondondozana. Yang'anani pansi pa Speaker ndi Master: ngati palembedwa MM, ndiye kuti patsekedwa. Dinani M, paoneke OO, kenako mukweze ndi batani la muvi woloza m'mwamba.

Musatuluke msanga. Pitani kumanja mpaka mupeze Auto-Mute Mode. Ntchito yake ndi kuzimitsa masipika mahedifoni akalowa, koma kabowo kawo kakadzaza fumbi kapena kakatha, kompyuta imaganiza kuti akadali momwemo. Ikani pa Disabled. Choipa chake n'chakuti masipika akhoza kumalirabe ngakhale mwavala mahedifoni, ndiye samalani mu ofesi.

Dinani Esc, muyese ndi speaker-test -c 2 -t wav. Mukamva "Front Left, Front Right", lembani sudo alsactl store kuti zisabwerere mukazimitsa. Zikakanikabe, ikani pavucontrol, pulogalamu yosankhira kotulukira mawu, muone ngati pa Output Devices pasankhidwa Speakers.

Pa intaneti mupeza ambiri akukuuzani kuti muonjezere mzere wa model= mu /etc/modprobe.d/alsa-base.conf. Ine ndimati zimenezo zikhale zomaliza, chifukwa mzere wa laputopu ya mnzanu ukhoza kuzimitsa ngakhale mahedifoni akulira bwinowo.

Amene mukuona "Dummy Output" pamalo osankhira kotulukira mawu, nkhani yanu ndi ina: card sinazindikirike n'komwe. Lembani aplay -l muone ma card amene kompyuta yazindikira, ndipo ngati laputopu ndi ya Intel yatsopano, onani ngati firmware-sof-signed, pulogalamu imene card yake imafuna kuti igwire ntchito, inaikidwa.