Ajeremani oyamba a ku Berlin ya ku Eastern Cape anachokera kuti?

Mayi wina wakwathu amene anakwatiwa ku East London, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, wandilembera imelo. Apongozi ake kwawo ndi ku Berlin (dzina lake latsopano ndi Ntabozuko), katauni ka pakati pa East London ndi Qonce, ndipo dzina la banja lawo ndi lachijeremani. Akufunsa ngati makolowo anachokeradi mumzinda wa Berlin wa ku Germany.

Mayi, funso lanu landifika pamtima. Agogo anga aamuna ankangoti "ife tinachokera ku Mozambique", basi. Atamwalira ndinakafunsa achemwali awo. Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga, maso atachita khungu. Anatchula phiri lina, kenako nkusintha, nkutchula mtsinje. Anadandaula kuti amene ankadziwa bwino onse anapita. Mbiri ya banja lathu inathera pakhonde pomwepo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Apongozi anu ali ndi mwayi, makolo awo analembedwa m'mabuku. Ajeremani oyamba kufika mu 1857 anali asilikali oposa 2,000 amene Britain inawalemba ntchito pa nkhondo ya ku Crimea. Bwanamkubwa wa ku Cape, George Grey, anawaika m'malire a dziko la Axhosa, ndipo mayina ngati Berlin, Potsdam ndi Hamburg anabwera ndi iwowa. Tauni ya Stutterheim inatenga dzina la mkulu wawo. Koma ambiri analibe akazi, khasu silinkawakhala, ndipo ochuluka anapita kukamenya nkhondo ku India mu 1858. Amene anazika mizu ndi mabanja a alimi osauka omwe anafika mu 1858 ndi 1859 pa sitima za kampani ya Godeffroy ya ku Hamburg. Ambiri anali a kumidzi ya ku Pomerania ndi Uckermark, zigawo za Germany wa nthawi imeneyo, osati a m'tauni ayi. Ulendo unali wangongole, munda wangongole.

Pano ndinene mosapsatira. Minda imeneyo inali ndi eni ake. Ajeremani ankafika Axhosa atangopha ng'ombe zawo potsatira ulosi wa mtsikana wina dzina lake Nongqawuse, njala itapulula anthu masauzande ambiri, otsala atabalalika kukasaka ganyu. Mlimi wa ku Pomerania timamudziwa dzina, zaka ndi sitima imene anakwera. Nanga mayi amene ankalima pomwepo chaka chathacho analembedwa pati? Amene akufufuza mbiri ya banja lake nkudumpha zimenezi, kwa ine sanafufuze. Sindikuda alimiwo, nawonso umphawi ndi umene unawathamangitsa kwawo. Koma ana anu akamakula, muwauze mbali zonse ziwiri.

Poyambira

Funsani mabuku a ubatizo ndi maukwati kumpingo wa makolowo, wa Lutheran kapena Baptist. Mukapeza dzina ndi chaka, fufuzani pa intaneti m'kaundula wa okwera sitima ku Hamburg, amene anayamba mu 1850 ndipo amatchula kumene munthu ankakhala. Mudziwo mukausowa pamapu a Germany musadabwe. Gawo lalikulu la Pomerania linapita ku Poland mu 1945 ndipo mayina anasintha, Stettin pano ndi Szczecin. Ngati pabanjapo pali agogo amoyo, yambani ndi iwo sabata ino, foni ikujambula mawu.