Ndili ndi zaka 41, kodi sukulu ya MBA ingandilandire?

Mayi wina wa ku Lilongwe watilembera pa imelo kuti: "Ndili ndi zaka 41, ndagwira ntchito kubanki zaka 16, digiri ndinatenga kalekale. Ndikufuna MBA, koma ndikuopa kuti andikana chifukwa cha msinkhu."

Mayi, zaka pazokha sizikaniza munthu. Chimene chimagwetsa ambiri a msinkhu wanu n'kufunsira maphunziro osawayenera. MBA (digiri ya masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi) yosiyira ntchito m'sukulu zotchuka za ku America ndi ku Ulaya imadzaza ndi anthu a zaka pafupifupi 28, ndipo makampani amene amapita kukalemba anthu kumeneko amafuna ongoyamba kukwera maudindo. Osankha ophunzira akaona zaka 16 zanuzo amadzifunsa kuti, ameneyu akamaliza tidzamupezera ntchito yanji? Pakasowa yankho, amakukanani.

Yokuyenerani ndi Executive MBA, yophunzira muli pantchito. Kuno kwathu ilipo ku MUBAS ku Blantyre ndi ku ESAMI (Eastern and Southern African Management Institute). Ku South Africa onani sukulu ya bizinesi ya GIBS ku Johannesburg ndi University of Cape Town. Ngati mungathe kuchoka chaka chathunthu, ku America pulogalamu ya Sloan Fellows ya ku yunivesite ya MIT imafuna amene agwira ntchito zaka 10, ya MSx ya ku yunivesite ya Stanford zaka 8.

Mayeso ndiwo amazunza amene anasiya masamu kale. GMAT, mayeso olowera MBA, ili ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 5. Musanalipire, funsani sukuluyo ngati imalandira mayeso aafupi otchedwa Executive Assessment, a mafunso 40 m'mphindi 90, kapena ngati imakhululukira odziwa ntchito ngati inu kuti asalembe mayeso. Mukafuna kulemba, dzipatseni miyezi itatu yokonzekera, ola limodzi tsiku lililonse, mukudzipima ndi wotchi. Masamu ake ndi a kusekondale, chovuta n'liwiro.

Makalata okuchitirani umboni achokere kwa bwana amene amaona ntchito yanu tsiku ndi tsiku. Kalata ya abusa kapena ya munthu wotchuka yongoti "ndi wakhama" ilibe mphamvu, ngakhale yochokera pansi pa mtima. M'nkhani yofotokoza za inu, musandandalike maudindo onse. Sankhani zinthu ziwiri, munene manambala: munkayang'anira anthu angati, ngongole zosabwezedwa munazitsitsa kuchoka pati kufika pati. Kenako yankhani funso limene adzakufunsani ndithu: bwanji panopa, osati zaka 10 zapitazo? Transcript yanu (chikalata cha zotsatira za maphunziro anu a digiri) itanitsani msanga, mafayilo akale sapezeka tsiku limodzi.

Za ndalama: Chevening, sikolashipi ya boma la Britain, ilibe malire a zaka, koma imalipirira digiri ya chaka chimodzi ya ku Britain yosiyira ntchito, ndipo pa MBA imapereka gawo chabe la fizi, yotsalayo ndi yanu. Chevening siilipirira Executive MBA. Tsono kambiranani ndi abwana anu musanatumize mafomu, chifukwa sukulu zambiri zimafuna kalata yakuntchito yotsimikiza kuti adzakumasulani masiku a kalasi.