Muloleni mwanayo akayankhule kukhonsolo

Mayi ena amene akukhala m'tauni ina kuno ku England andilembera pa imelo. Khonsolo ya kwawoko ikufuna kuletsa masewera a skateboard, okwera thabwa la timatayala, pakati pa tauni, ndipo mwana wawo wa zaka 15 wagula tisheti yolembedwa kuti masewerawa si mlandu, komanso akufuna kukayankhula pamsonkhano wa khonsolo. Akufunsa ngati amulole, popeza iwo ndi obwera ndipo safuna kuti dzina la banja lawo limveke m'maofesi a boma.

Mayi, mantha anuwo ndikuwadziwa, pakuti ambirife tinafika kuno titagwiritsa mawu akuti kwa eni kulibe mkuwe. Mwana wanga wamkazi anayamba masewerawa ali ndi zaka 12, pa thabwa lakale limene mnzake wa kusukulu anamupatsa, ndipo chimene chinkandipweteka poyamba chinali nsapato. Pamwamba pa thabwalo amamatapo pepala lokhakhala ngati sandipepa kuti mapazi asaterereke, ndipo mwana akamalumpha amakhukhuza phazi lakutsogolo papepalalo, kotero kuti nsapato imodzi yokha ndiyo imabooka, pambali pa chala chaching'ono, inayo ikadali yatsopano. Zingwe zake zinkaduka pamalo amodzimodzi, iye n'kumazimanga mfundo, kenaka n'kuthira guluu pabowopo mpaka nsapatoyo kuuma gwa. Madzulo ena ndinapita kukamutenga pabwalo la kuseri kwa masitolo akuluakulu, masitolowo atatsekedwa kale, ndipo ndinapeza mlonda atawaimika pamzere ana asanu, akuwalemba mayina. Mlondayo anali mnzathu wochokera ku Africa konkuno, wamsinkhu wanga, ndipo atandiona anatsitsa mawu n'kundiuza kuti iye alibe nawo chifukwa anawo, koma kamera ikumuona, ndipo akapanda kuwathamangitsa ntchito imuthera. Patapita masabata ochepa, m'mphepete mwa mabenchi onse a pabwalopo anakhomamo tizitsulo totalikirana pang'ono, kuti thabwa lisathenso kutsetserekapo. Palibe anadandaulapo za magalimoto amene ankaimika pomwepo usiku wonse.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga anauma, ndipo sindibisa. Malamulo oterewa amanena za chitetezo cha oyenda pansi, koma kawirikawiri chimene chimawawa eni malo ndi kuona achinyamata atasonkhana pabwalo popanda chimene akugula. Dziko la Norway linaletsa kugulitsa, kuitanitsa ndi kukwera skateboard kuyambira 1978 mpaka 1989 ponena kuti ana akuvulala, ndipo chimene chinachitika n'chakuti anawo anayamba kudzipangira okha matabwa ndi kumanga malo osewerera m'nkhalango, kutali ndi maso a akuluakulu, kumene ngozi ikachitika thandizo likanachedwa. Ku Philadelphia, mzinda wa ku America, bwalo la LOVE Park linatchuka dziko lonse chifukwa cha masewerawa, koma mu 2002 mzindawo unalikonzanso mwadala kuti osewera asapezepo poterera. Edmund Bacon, katswiri wokonza mizinda amene anaganiza za bwaloli pachiyambi, anakwera thabwa pomwepo ali ndi zaka 92, anthu atamugwirira mbali zonse, pofuna kunyoza chiletsocho. Kampani ya nsapato ya DC inalonjeza kupereka madola 1 miliyoni osamalira bwalolo ngati chiletso chichotsedwa, akuluakulu a mzinda anakana, ndipo mu 2016 bwalo lakalelo linagumulidwa. Kumeneko panali mkulu wotchuka, panalinso ndalama, koma zinakanika.

Ku London zinayenda mosiyana, ndipo ndi nkhani imene mwana wanuyo ayenera kuidziwa bwino kuposa dzina la kampani iliyonse. Kunsi kwa nyumba za Southbank Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, achinyamata akhala akusewera kuyambira zaka za m'ma 1970. Mu 2013 eni malowo anafuna kuikapo masitolo ndi malo odyera, osewerawo n'kuwasamutsira pansi pa mlatho wina chapafupi. Anyamata ndi atsikanawo anakhazikitsa gulu la Long Live Southbank, anaika tebulo pamalopo tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa, n'kumakambirana ndi aliyense wodutsa, agogo ndi alendo odzaona mzinda omwe, mpaka anthu oposa 100,000 anawaikira kumbuyo. Anaphunzira malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo, anatumiza zikalata zotsutsa zambirimbiri kukhonsolo ya Lambeth, ndipo mu 2014 panasainidwa mgwirizano woti malowo akhalebe awo. Mu 2019 anatsegulanso gawo lina limene linali lotsekedwa kwa zaka zambiri. Ana amene anthu ankawayesa osokoneza ndiwo anapirira ntchito yotopetsa ya mapepala.

Za zovalazo

Apa ndiye ndimasiyana ndi mwana wanga yemwe. Nsapato za masewerawa zili ndi chifukwa chake: pansi pake m'pafulati kuti phazi limve thabwa, ndipo pamwamba amasokapo chikopa cholimba pamalo amene amaperepeseka. Kampani ya Vans, imene inayamba ku Anaheim mu 1966, inakula chifukwa osewera a ku California anazikonda nsapato zake. Koma lero maonekedwe a mwana wothamangitsidwa ndi mlonda asanduka malonda aakulu. Supreme inayamba ngati kasitolo ka osewera ku New York mu 1994, ndipo mu 2020 inagulidwa pa madola 2.1 biliyoni. Chizindikiro cha Thrasher, magazini ya masewerawa, chimavalidwa ndi anthu amene sanapondepo thabwa chibadwire. Mayiko amaombera m'manja Momiji Nishiya wa ku Japan, amene anapata mendulo ya golide pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 ali ndi zaka 13, pamasitepe ndi zitsulo zotengera za mumsewu, pamene mwana wochita zomwezo pamsewu weniweni akulembedwa dzina. Tisheti ya mwana wanuyo yapindulitsa woigulitsa, koma khansala saiwerenga ngati yankho.

Choncho muloleni apite, ndipo inu mupite naye. Kupereka maganizo kukhonsolo si kuphwanya lamulo. Ziletso zambiri zotere ku England zimadzera mu Public Spaces Protection Order, chilamulo cha khonsolo choteteza malo opezekapo anthu onse, pansi pa lamulo la 2014, ndipo khonsolo imayenera kufunsa anthu isanazikhazikitse. Ayankhe molemba tsiku lotsekera lisanakwane, atenge anzake ndi makolo awo, apeze mwini sitolo mmodzi kapena awiri owaikira umboni, ndipo apemphe chinthu chodziwika, monga maola ololedwa kapena mbali ya bwalo imene angagwiritse ntchito. Chiletsocho chikadutsabe, alembe tsiku lake, chifukwa sichipitirira zaka zitatu popanda khonsolo kuchiunikanso, ndipo nthawi imeneyo iye adzakhala atakwanitsa zaka 18, msinkhu woponya voti.