Amafika handiredi koma masipuni sikisi akumukanika

Sabata yatha ndalandira imelo ya mayi wina wa ku Lilongwe, akuti mwana wawo wa zaka 5 amawerenga wani mpaka handiredi osaphonya, koma akamutuma masipuni sikisi amabweretsa folo, mwina dzanja lonse. Bambo ake akuti amulembetse pati taimu. Ndiye akufunsa, alipire kapena ayi?

Mayi, nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa ineyo ndinadutsa momwemo.

Ndinayamba sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere, tinalipo khwimbi pansi pa mtengo wa mango mphunzitsi mmodzi, ndiye masamu athu anali nyimbo basi, aphunzitsi akayambitsa ife kupolokezana mpaka mawu kusasa. Pofika sitandade 3 mathebulo ndinkawaimba ngati kwaya, thu tayimuzi thu folo, ukaphonya kamtengo ka bulugama kakupeza m'manja. Tsiku lina agogo anandisiya pa benchi lawo la tomato apite akatunge madzi. Kunabwera bambo wina natenga milu itatu ya K2, kundipatsa K10. Ine kakasi. Ndinayamba kuimba thebulo la thu chamumtima kuchokera koyambirira, kufika pa sikisi, osadziwa kuti sikisiyo ndipange naye chani. Agogo anandipeza ndikunjenjemera ndalama ili m'manja, anangoti "mupatse K4 iwe", osayang'ana nkomwe, nawonjezera tomato mmodzi wa basela. Munthu woti sanapondepo m'kalasi.

Madzulo ake anandikhazika pamphasa ndi nthanga za chimanga khumi, eti chotsa ziwiri za mulu woyamba, chotsanso ziwiri, chotsanso, zatsala zingati. Tsiku limenelo mpamene ndinazindikira kuti nambala ndi zinthu zoti ungazigwire.

Ndipo agogo sankanena seveni, ankati zisanu ndi ziwiri. Taganizani bwino, mawuwo ali kale ndi samu mkati, dzanja lonse kuphatikiza zala ziwiri za dzanja linalo. Mwana akamva "seveni" wangomva phokoso, koma akamva zisanu ndi ziwiri akhoza kuyang'ana zala zake nkuona. Sindikunena kuti tibwerere kumanena makumi asanu ndi limodzi kudza mphambu zinayi pamsika, ayi ndithu, wogulitsa angakuuzeni kuti mukuchedwetsa mzere. Koma kwa mwana wamng'ono kuyambira chimodzi mpaka khumi, Chichewa chathuchi chimamuthandiza kuposa mmene timachiyesera, ife tikuchita nacho manyazi.

Apa nde pamene ndimapsa mtima ndi timasukulu tina ta nesale ta m'tauni. Mwana wa zaka zitatu akubwera ndi homuweki, kumapeto kwa chaka kumuveka gawuni ndi chipewa cha makona anayi, makolo kujambula kuika pa Facebook kuti wanga akufika handiredi. Akufikadi, chinkhwe nachonso chimatha kubwereza mawu. Pomwe kumudzi pa sukulu ya mkombaphala yopanda ngakhale mpando, ana akusanja timiyala ndi zitsekerero za Fanta, ndipo nthawi zina amenewo ndi amene akuphunzira masamu enieni. Makolofe ndife tikupangitsa, timafuna zoonetsa alendo.

Nanga masewera athu aja tinawatayiranji? Phada ndi masamu okhaokha, mwala uli m'mwamba iwe uyenera kutulutsa miyala m'kadzenje, kubweza nkusiya umodzi, kenako iwiri iwiri, diso likuwerenga lisanaganize. Bawo nde usanene, maenje 32 nkhomo 64, malume anga ankangoyang'ana dzenje nkudziwa komwe akagonere asanagwire nkhomo, koma anthu ankati analephera sukulu. Ku masanje atsikana ankagawa kansima kofanana kwa ana asanu popanda wodandaula, kugawa kumeneko si komwe timakulemba m'kope sitandade 4? Pano ana ali pa foni, ndipo wanga yemwe ndimalimbana naye, sindikudziyeretsa.

Ndiye muchite chani?

Pati taimu ayi, pa zaka 5 mungotaya ndalama, akamuimbitsanso nyimbo yomweyo. Muyambe ndi zochepa, mpaka faifi basi, ndipo chilichonse azichikhudza ndi chala akamatchula nambala, kenako mumufunse "nde zilipo zingati?" chifukwa ana ambiri sadziwa kuti nambala yomaliza ndiyo yankho, amayambiranso kuwerenga. Pomwe mukupakula nsima mumuuze aike mbale imodzi pa munthu aliyense, awerenge mitanda ikamatuluka m'chipande. Mandasi mugule anayi agawane ndi mkulu wake, muone ngati angalole kuberedwa. Akalakwitsa osamuseka pamaso pa anthu, nanunso muzilakwitsa dala nthawi zina akugwireni, amasangalala zedi.

Bambo akewo ngati ndalamayo ikuwayabwa, agule thileyi ya mazira, muli 30, mizere isanu ya sikisi sikisi. M'mawa uliwonse mwana azitenga yekha oti muphike nkunena atsala angati mu mzerewo. Akaswa limodzi mumufunse kaye atsala angati musanamukalipire.